Masau Amene Ndinaika M'nyimbo ya Mtaliyana

Ndikukumbukira chilimwe chija kunabwera Mtaliyana kudzatikumbira mjigo, boma lathu likadatchedwa Feira. Anzanga amene mitu yayera ngati wangawu mukuidziwa nyengo ndikukambayi. Kuseri kwa sukulu kunali maenje oti tizithawiramo, ndipo aphunzitsi akamva kulira kwa ndege za ku Rhodesia ankasiya choko pakati pa liwu n'kuyamba iwo kudumphira m'dzenje, ife ana pambuyo. Zambezi anasanduka mpongozi: kumuona patali, osamuyandikira. Asilikali analetsa mabwato, ndipo azimayi akapita kukatunga madzi ankapita chowerama, khutu kutsidya, diso kwa ng'ona. N'chifukwa chake anthu a mishoni anatitumizira munthu woti atulutse madzi pansi, m'mudzi mwathu momwemo ku Mphuka, kutali ndi gombe.

Dzina lake linali Renato. Anali mnyamata chabe, wowonda ngati bango, manja aubweya, mphuno yosupuka ndi dzuwa moti unkamva chisoni kuiyang'ana. Anafika masau atangopsa, pa motoka yosenza chimakina chobowolera pansi, ndipo tsiku loyamba lomwelo anadya masau mbale yonse osadziwa kuti masau amabwezera. Masiku awiri otsatira tinkangomuona akuthamangira kuthengo atagwira lamba. Chinyanja chake chinali cha mawu anayi: madzi, bwino, pang'ono, zikomo. Zotsala ankakamba ndi manja, ndipo makina akamukanira manjawo ankauluka ngati akuthamangitsa njuchi. Chuma chake chachikulu chinali kagalamafoni kofiira ka mabatire, kokhala ndi chogwirira ngati sutikesi, ndi timbale takuda tingapo ta nyimbo zakwawo.

Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndili mu Giredi 6. Kalasi imeneyi ndinaikonda kwambiri moti ndinakhalamo zaka ziwiri, ndipo sukulu yanga inathera momwemo. Koma chimene mutu unandimana, pakamwa panandipatsa. Ndinkatumikira misa, ndipo akatekisiti okalamba anandiphunzitsa mawu angapo a Chilatini amene iwonso sindikhulupirira kuti ankawamva. Kwa Renato ndinatolako atatu: la moni, la madzi, ndi lina limene ankakuwa nyundo ikamuphwanya chala, limene sindingalembe pano chifukwa zidzukulu zanga zimawerenga. Ndi katundu ameneyu ndinayenda mudzi wonse kulengeza kuti Luwisi akudziwa Chitaliyana. Anzanga akandifunsa kuti mzungu wati chiyani, ndinkayankha osaphethira. Sindinagwidwepo, chifukwa wondigwira kunalibe.

Mlongo wanga wamkulu ndi Filomena, koma ife ang'ono tinkati Mana, monga timaitanira akulu athu aakazi kuno kumtsinje. Nthawi imeneyo anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo ndiwo ankatsogolera atsikana osenza mchenga ndi miyala ya pamjigo. Mukawaona lero atakhala pamphasa ngati thumba la mapira simungavomere, koma masiku amenewo akamadutsa ndi dengu pamutu, amuna ankaiwala nkhani imene amakamba. Dzuwa la kwathu mukulidziwa likafika pamutu, mbuzi zitalowa pansi pa nkhokwe, mchenga ukuwotcha mpaka nkhuku kuyenda modumpha. Ntchito inkaima, ndipo Renato ankabwera kudzakhala pansi pa mtengo wa masau wa pabwalo lathu. Mana ankamuphunzitsa kudya nsomba ya pende osatsamwa ndi minga, iye ankawaphunzitsa kutsitsa singano ya galamafoni osakanda mbale. Amayi ankakhala chapafupi akuluka mphasa, maso pa mlaza, makutu kwina. Chimene ankakambirana anthu awiri opanda chinenero chimodzi sindichidziwa, koma ankaseka mpaka misozi. Choipa sindinaonepo, ndipo ndikhulupirireni, ndinkayang'anitsitsa.

Koma panali munthu wina amene anayamba kale kupondaponda pabwalo lathu. Ameneyu anali Zuze, msodzi, mwamuna wosakamba kwambiri, wa bwato lakelake. Zambezi atatsekedwa anasamutsira maukonde ake ku Luangwa, ndipo akabwera kumudzi sankalephera kuwasiyira amayi nsomba ziwiri zitatu zomangirira pa luzi. Mudzi wonse unkadziwa kuti akusonkhanitsa zoti atumize mbale yofunsira Mana. Ine ndekha ndinkadana naye. Anandipeza tsiku lina ndikubisa mcheni wake wouma m'malaya, n'kundikwapula ndi chingwe chonyowa cha ukonde anzanga akuona. Sanalakwe, mcheniwo unali wachitatu sabata imeneyo. Koma matako a mwana amasunga mlandu kuposa khoti.

Madzi anatuluka m'mwezi wotentha kwambiri uja, mitengo yonse itavula. Tinavina pamatope, agogo ndi ana omwe. Sipanapite masiku ambiri lole ina inaponda bomba lokwirira pamsewu wopita kumlatho, ndipo lamulo linabwera lakuti alendo onse achoke m'boma lathu msanga. Unali m'mawa, amayi akusesa. Motoka ya Renato inaima pamsewu, asilikali awiri atakhala kumbuyo. Iye anatsika atanyamula kagalamafoni kaja ndi mbale imodzi yokha ya nyimbo, anayenda mpaka pamene Mana anaima ndi mtsuko, n'kuwaikira zonse m'manja. Kenaka anakamba. Anakamba nthawi yaitali m'chinenero chake, misozi ikutsika pamphuno yosupuka ija, akuloza mbaleyo, akudziloza pachifuwa, akuponya dzanja kutali kumene dzuwa limalowera. Mawu ake anayi a Chinyanja anamuthawa onse, kupatula zikomo. Msilikali analiza huta ya motoka. Fumbi litatsika, Mana anali ataimabe pomwepo, katundu wa eni m'manja.

Apa ndiye panayambira mlandu. Kwathu kuno mnyamata akasiya chinthu chake m'manja mwa mtsikana anthu akuona, ndiye kuti wasiya chikole: wanena kuti uyu ndi wanga, ndibwera. Mtsikana wolandira chikole salandira mbale ya mwamuna wina. Koma mzungu amadziwa za chikole? Mwina inali mphatso chabe, monga anasiyira akatekisiti nsapato zake zakale. Masana omwewo azimayi anadzaza pansi pa mtengo wa masau uja, aliyense ndi nzeru zake. Pomaliza azakhali athu, amene mawu awo ankaposa a amuna atatu, anati zikole zina n'zosalankhula, mpango kapena mkanda, koma ichi chili ndi pakamwa. Chiikeni chinene chokha. Wina anafunsa kuti nanga achimva ndani. Pamenepo mitu yonse inatembenukira kwa ine, ndili pambali ndikuyamwa njere ya mlambe.

Mana anatsitsa singano monga anaphunzitsidwira. Munayamba gitala, pang'onopang'ono, kenaka mawu a mwamuna, okoka ngati a munthu wokwera phiri ndi mtolo wa nkhuni. Mwina ankakwera m'mwamba mpaka tsitsi kukuimirira, n'kugwanso pansi ngati watopa. Ine ndinatchera khutu kufuna mawu anga atatu aja. Sanatuluke ngakhale limodzi. Ndikanatha kunena kuti woimbayu akuthamanga kwambiri, kapena kuti ichi n'Chitaliyana cha dera lina. Ndikanatha kungothawa, miyendo ndinali nayo. Koma ndinaona maso a azimayi makumi awiri akudikira ine, Luwisi wobwereza kalasi, ndipo kumpanda ndinaona Zuze ataima ndi nsomba zake pa luzi. M'mutu mwanga munabwera chithunzi cha ine nditakhala kutsogolo kwa motoka ya mlamu wachizungu, nditavala nsapato. Ndinatseka maso, ndinagwedeza mutu monga ankachitira akatekisiti, ndipo nyimbo itatha ndinatsokomola.

"Akuti usalire, ndapita kukauza amayi anga. Masau akadzapsa ndidzabwera. Undidikire pamjigo."

Amayi anaika mlaza pansi. "Kwawoko kulinso masau?"

"Aliko, amayi. Koma akwawo ndi aakulu ngati mango."

"Nanga ngati abwera," anatero azakhali, "aimbiranji ngati pali maliro?"

"Azungu akakondwa amatero, azakhali. Simumawamva m'tchalitchi?"

Anaseka onse, wina analuluta, ndipo mlandu unatha: ndi chikole. Mana sanaseke. Anangokumbatira galamafoni ija pachifuwa, maso ali pansi, koma nkhope yawo inawala moti mpaka lero ndikatseka maso ndimaiona. Nditayang'ananso kumpanda, nsomba zinali zitakolowekedwa pamtengo, mwini wake atapita.

Mvula itagwa Zuze anatumizabe mbale yake. Anabwera nayo malume ake, yovundikira bwino, yomangidwa m'nsalu yatsopano. Mwambo mukuudziwa: akaivundukula ndiye kuti avomera kukambirana, ikabwerera chivundikirire ndiye kuti ayi. Inabwerera chivundikirire. Ine ndinayenda sabata yonse ngati tambala. Dzina langa linamveka mpaka midzi yoyandikana, ndipo anthu ankandibweretsera mapepala a mankhwala ndi zitini zolembedwa Chipwitikizi kuti ndiwawerengere. Ndinkawerenga zonse.

Mabatire ankatha, Mana ankawayanika padzuwa pamwamba pa nkhokwe kuti atengeko mphamvu, nyimboyo n'kumatuluka yolemera ngati woimbayo waledzera. Masau atayamba kufiira, anaruka tsitsi mwatsopano. Pakhomo pathu sipanakhalepo madzi ambiri ngati chaka chimenecho. Mitsuko yonse yodzaza, miphika yodzaza, ngakhale chomwera nkhuku, koma Mana ankapezabe chifukwa chopitira kumjigo, maso ali kumsewu. Motoka iliyonse ikamveka ankaima ndi dzanja pa chogwirira. Zinkadutsa za asilikali zokha. Masau anapsa, anagwa, tinawayanika, njovu zinadya otsala. Anthu anati msewu uli ndi mabomba, munthu angabwere bwanji, ndipo ine ndinavomereza mokweza kuposa onse.

Chaka chachiwiri Zuze anachita chinthu chimene amuna a kwathu sachita kawirikawiri: anatumizanso mbale pakhomo pamene inakanidwa kale. Amayi nthawi iyi anailandira n'kuiika m'nyumba, nauza malume a Zuze kuti abwere pakapita masiku atatu. Ndinawamva akuwauza Mana kuti nyimbo siilima munda, ndiponso kuti mwamuna wobwera kawiri sapezeka pamsika. Tsiku lotsatira Mana anayenda wapansi mpaka kuboma ndi dengu la masau ouma, nabwera ndi mabatire atsopano anayi.

Anandiitana masana, anthu atabisala dzuwa, kuseri kwa nkhokwe. Panali ife awiri ndi nkhuku yokhalira mazira. Ndikukumbukira fungo la mapira ouma ndi fumbi lotentha, ndi manja awo akuika mabatire.

"Luwisi, wakula manje. Tsiku lija unali mwana, ndipo anthu anali ambiri. Lero tili awiri. Umvetsetse bwinobwino. Ngati unalakwitsa pena, undiuze. Sindidzakumenya, sindidzauza munthu."

Anzanga, khomo linatseguka lonse. Sindinafunike ngakhale kunena kuti ndinanama, akanandilola kunena kuti ndinalakwitsa. Nyimbo inayamba, yoyera bwino ndi mabatire atsopano, ndipo nthawi iyi ndinaimvetsera ndi mtima osati ndi khutu lofuna mawu. Ngakhale mbuzi ikanamva kuti munthuyu sakulonjeza kanthu. Ankalira chinthu chopita. Lilime langa linafika pamano kuti linene. Koma ndinaganiza za mbale yoyamba ija imene inabwerera chifukwa cha ine, za azakhali, za anthu a zitini za Chipwitikizi, za chingwe chonyowa cha Zuze chimene nthawi iyi ndikanachiyenerera kakhumi. Bodza likakula limakhala ngati mwana wa ng'ona amene unaweta m'mtsuko: kumusunga ukuopa, kumutulutsa ukuopa.

"Ndi momwemo, Mana," ndinatero. Ndipo popeza pakamwa panga sipadziwa poimira, ndinawonjeza. "Kumapetoku akuti ngakhale zitapita zaka zitatu, usatope."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anandisisita pamutu, nati zikomo mng'ono wanga. Mbale ya Zuze inabwerera kachiwiri chivundikirire.

Zotsatira ndizinena mwachidule, chifukwa sizikoma kuzitafuna. Zuze anakwatira mtsikana wa mudzi wina chaka chomwecho. Nkhondo inatha, mabwato anabwerera pa Zambezi, msewu unatseguka, mabasi anayamba kufika. Renato sanabwere. Zuze ndi nsomba zake anamanga nyumba ya malata pafupi ndi njira ya kumjigo, ndipo Mana ankaidutsa tsiku ndi tsiku mtsuko uli pamutu, akumva mkazi wa mwini akuimba m'khitchini. Anyamata anayamba kuwaitana kuti Mai Renato. Masau atapsa kachinayi anatsekera galamafoni m'bokosi la chitsulo, osaitulutsanso. Anakwatiwa mochedwa, mkazi wachiwiri kwa bambo wina wamkulu amene masau ankawakonda akasanduka kachasu, ndipo dzanja lake linali lopepuka kumenya, lolemera kugwira khasu. Anaika ana awiri, analera awiri, mwamunayo anamuikanso. Zaka zonsezo akagwira chogwirira cha mjigo ankati, "Madzi abwino, koma mwini wake wabodza." Ndinawamva akunena zimenezi kosawerengeka, ine ndili pomwepo, ndipo nthawi zina ndinkathandizira kutukwana.

Musaganize kuti sindinayesepo. Ndinapita ku Lusaka, ndinakhala kondakitala, ndinakhala mlonda, ndinabwerera ndi mkazi ndi nyamakazi. Kambirimbiri ndinanyamuka kunyumba kwanga nditakonza mawu, kufika kwa Mana n'kuyamba kukamba za njovu zimene zadya chimanga. Pa maliro a Zuze, zaka ziwiri zapitazo, ndinaona Mana atakhala kumbuyo kwenikweni kwa azimayi, kumene amakhala anthu opanda ubale ndi womwalira, akulira mosatulutsa mawu. Tsiku limenelo ndinalumbira kuti mawa ndinena. Mawa linabwera, ndinakamba za njovu.

Wandigwira ndi mdzukulu wanga Natasha, wa ku Lusaka, amene anabwera pa holide masau atapsa chaka chatha. Mana maso anachita mdima tsopano, ndiye anamutuma kuti awafunire chitenje m'bokosi lija. Mwanayo anatuluka ndi mbale yakuda yopindika ndi kutentha ngati chipapa chopetera, akufunsa kuti ichi n'chophikira chiyani. Mana anaseka, nati ndi chikole cha mwamuna wabodza, nafotokoza nkhani yonse, ndi masau omwe, ndi asikulu ako awa, kunena ine, amene anatimasulira. Natasha anayang'ana kapepala ka pakati pa mbale, kamene zilembo zake zinkaonekabe, n'kuyamba kudinadina foni. Ine ndinakumbukira mwadzidzidzi kuti mbuzi zanga sizinamwe. Koma bondo langa lija, limene ndalidyetsa zaka zonsezi, linakana kundidzutsa pampando.

Gitala uja anatuluka m'kafoni kopyapyala ngati sopo wotha. Mana anawongoka msana. Mwanayo anati mawu ake alembedwa pano, ndipo foni yawatembenuza kale, n'kuyamba kutiuza m'Chinyanja chake cha m'tauni. Ndiye ndinamva, nditakalamba chonchi, chimene ndinamasulira ndili mwana.

Kwawoko, akuti, chaka chambiri ndi chozizira, ndiye nyengo yotentha ndi imene amaiyembekeza ngati mmene ife timayembekezera mvula. Tangoganizani, anthu olirira chilimwe! Abwere kuno mwezi umodzi achire. Anthu amachoka m'matauni kupita kunyanja, ndipo kumeneko mnyamata wina anakumana ndi mtsikana. Anakondana masiku a dzuwa okhawo. Manje mphepo yozizira yayamba, gombe latsala lopanda munthu, aliyense akubwerera kwawo. Mnyamatayo akuti ndinali mlendo, ndipo mlendo sakhala. Akuti sindikupatsa lonjezo chifukwa ndikudziwa kuti sindingalisunge. Usayang'ane kunjira, upeze wokhala nawe nyengo zonse, ine undikumbukire pang'ono chabe dzuwa likatentha.

Natasha atamaliza, Mana anatembenukira kwa iye.

"Masau ali pati?" anafunsa Mana.

"Mulibe masau, ambuya."

"Werenga bwino. Kumapeto. Zaka zitatu."

"Mulibe, ambuya. Mwina asikulu anamva nyimbo ina."

Mwanayo ankandiponyera chingwe, monga Mana anandiponyera kuseri kwa nkhokwe. Nthawi iyi sindinachigwire. Ndinati nyimbo ndi yomweyi. Ndinati Chitaliyana sindinachidziwepo, mawu anga anali atatu, limodzi lotukwana. Ndinanena za nsapato, za chingwe cha Zuze, za tsiku la mabatire atsopano. Ine amene ndimatha kukamba kuchokera m'mawa mpaka ng'ombe kubwerera, zonsezi zinatha m'mawu ochepa kwambiri, ndipo ndinadabwa kuti chinthu chimene ndinasenza moyo wonse n'chachifupi chonchi.

Ndinkayembekeza ndodo. Inali pafupi ndi dzanja lawo, ndipo ndikanakondwa ikanandipeza. Mana ankangotembenuza mbale yopindika ija pamiyendo.

"Ndiye anatsazika," anatero pomaliza. "Mwana wa eni anatsazika bwinobwino, ndi misozi, anasiya ndi galamafoni yomwe kuti imunenere. Ine ndamutukwana pa madzi ake omwe." Anapumira m'mwamba. "Zuze anabwera kawiri, Luwisi."

"Ndikudziwa, Mana."

"Sudziwa. Iwe unangoona mbale. Ine ndinaigwira." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, natembenukira kumene kunali mwanayo. "Iwe, iyikenso nyimboyo, ndiimve mmene iliri. Koma asikulu akowa akhale chete."

Dziko lasintha, anzanga. Maenje a kusukulu anakwiririka, pamwamba pake ana amasewera mpira. Ku Zumbo, tauni ya kutsidya kwa mtsinje, anthu amawoloka ngati akupita kwa aneba. Chikole cha masiku ano ndi nambala ya foni, ndipo mnyamata wa pakamwa ngati ine sangadye nako kudziwa kwake ngakhale tsiku limodzi, chifukwa kamwana kalikonse kakhoza kumugwira ndi chala chimodzi. Anthu amsinkhu wathu amakonda kudandaula kuti mafoniwa awononga ana. Ine sindidandaula nawo. Ikanakhalapo imodzi chabe pansi pa mtengo wa masau tsiku lija, Mana akanalira sabata imodzi, n'kuvundukula mbale.

Mjigo wa Renato ukutulutsabe madzi, ndipo Mana anasiya kuutukwana. Natasha anawasiyira nyimboyo m'foni ya mpongozi wawo. Dzuwa likafika pamutu amatuma mwana kudzanditenga, ndimakhala pampando wanga, amaiika. Sanandiuzepo kuti andikhululukira, ndipo sindinafunse. Amangokankhira mbale ya masau kumene akuganiza kuti ndili. Ndimatola, ndimadya, ndipo mpaka gitala atatha sinditsegula pakamwa.